Chikho cha Mpikisano Womaliza wa ku Aldermouth

"Achemwali anu analowa m'nyumba ya malemu masanasana," anatero Sajeni Moira Stobbs, "n'kutuluka atafungatira chikho chasiliva ngati khanda. Sakukana ayi. Vuto n'lakuti chikhocho sitikuchiona."

Rowland Pybus anali asanavule n'komwe chikhothi cha paulendo. Anatsika ndege dzulo lake kuchokera ku Canada, kumene anakalambira pa ntchito yaupolisi, ndipo mutu wake unali usanafike. Polisi ya ku Aldermouth imene ankaidziwa ali mwana inali nyumba yamiyala yokhala ndi nyali yabuluu pakhomo. Tsopano m'nyumbamo ankagulitsamo khofi, apolisiwo atawapanikiza m'kachipinda kuseri kwa laibulale, pakati pa chimbudzi ndi mabuku a ana.

"Chikho chake chiti?"

"Cha tenisi, akuti. Kale kunkachitika mpikisano kuno?"

Akuti. Mpikisano wa Chigwa cha Alder, umene unkadzaza mahotela onse mu Ogasiti, umene sitima zinkawonjezerera mabogi, umene ana asukulu ankakwerera m'mitengo kuti aonere ulere, kwa mtsikana uyu unali nkhani ya akuti.

"Unkachitika," anayankha. "Iwo akuti chiyani?"

"Nditawafunsa chifukwa, anati, 'Linali tsiku loyamba la Meyi.' Basi. Nditafunsa komwe chili, anati, 'Sindikamba za masewero ndi owonerera.' Masewero ake ati, bambo? Ine ndimawonerera chiyani?" Sajeniyo anapukusa mutu. "Mwana wa malemu Winifred Garbutt, dzina lake Clive, akufuna nkhaniyi ipite kukhoti. Ine sindikufuna kuimika gogo pamaso pa woweruza. Ndiye pali njira ina. Lachisanu masana kubwera dokotala. Akapeza kuti mutu wawo sukugwira, mlandu utha. Koma sangakhalenso okha m'nyumba muja. Apita ku Larch, kosungirako okalamba. M'bale wawo ndi inu nokha, mawu anu alemera."

"Ndiye kuti ngati si mbala, ndi wamisala."

"Sindinatero."

"Mwatero mwaulemu."

* * *

Achemwali akewo, a Enid, anawapeza atagwada kuseri kwa nyumba, akudula kapinga ndi sizasi. Kabwaloko kanali kakang'ono ngati mphasa ziwiri, koma kosalala moti munthu akanachita manyazi kupondapo. Pazenera panali nsapato zoyera za masewero, zopakidwa kumene laimu, zikuuma.

"Wanenepa," anatero a Enid osadzuka. "Ku Canada amakudyetsa chiyani, makandulo? Wabwera kudzandiika m'manda kapena m'khola?"

"Moni kaye, achemwali."

"Moni wa zaka makumi anayi sauyankha munthu atagwada. Ndigwire mkono."

M'khitchini anatereka madzi, anatulutsa makapu atatu, anawayang'ana, n'kubwezera imodzi. Rowland anaona. Anaonanso kiyi wa pakhomo ali m'mbale ya batala. Kodi izi ndi zija za mutu wosagwira? Kapena anali otero kuyambira kale? Sakanadziwa. Mlongo wake ankamudziwa ngati mawu a pafoni a pa Khirisimasi ndi pa tsiku lobadwa, ndipo mawu saonetsa kiyi m'batala.

"Munatenga chikho kwa a Garbutt?"

"Ndinatenga."

"Ndiye munaba."

"Iwe, pakamwa apo. Sindinabepo kanthu chibadwire, kupatula mapeyala a abusa, ndipo ondituma unali iwe."

"Chikhocho n'chanu?"

"Ayi."

"N'cha a Garbutt?"

"Ayi."

"Nanga n'cha yani?"

"Eya. Wayamba kufunsa zanzeru. Shuga angati?"

Rowland anakanda pachipumi. Anafunsapo zigawenga za padoko, anthu opha anzawo, ngakhale wansembe mmodzi, koma palibe amene anamuzunguza chonchi. Iye anachoka ku Aldermouth kutatsala miyezi yochepa kuti mpikisano womaliza uchitike. Mu Ogasiti mwake anaimba foni, achemwali akewo n'kumuuza kuti chikho cha osewera aakazi chili pashelefu m'chipinda chochezera. Kuyambira pamenepo ankauza anzake onse kuti mlongo wake ndi ngwazi ya chigwa chonse.

"Kodi simunachipambane, chaka chimene ndinachoka chija?"

"Ndinakuuza kuti ndapambana?"

"Munati chili pashelefu."

"Chinali pashelefu."

Anakasuzumira m'chipinda chochezera. Shelefu inalipo, yopanda kanthu. Pakati pake panali malo ozungulira pamene thabwa linali lakuda kuposa kwina, pamene dzuwa silinkafika chifukwa cha chinthu chimene chinakhalapo zaka zambiri. Ndiye kuti chikho chinkakhala muno. Nanga anakabanso bwanji kwa munthu wina chinthu chimene chinkakhala m'nyumba mwawo?

"Achemwali, Lachisanu kubwera dokotala. Mukapanda kulankhula zomveka akutengerani ku Larch."

"Lachisanu ndili ndi kopita."

"Kuti?"

"Wakhala wowonerera nawenso, Rowland. Unathawa bwalo. Imwa tiyi."

* * *

Clive Garbutt anamulandira ataimirira pakati pa makatoni. Anali bambo wa dazi, wovala suti yodula, amene ankalankhula ngati akuwerengera mlembi wake.

"Sindikufuna kuzunza nkhalamba, a Pybus. Mundimvetse. Koma amayi anga sanathe mwezi m'manda, wina n'kulowa m'nyumba mwawo. Chikho chimenecho n'cha banja lathu. Anachipambana kale, ndili wakhanda. Chakhala apa moyo wanga wonse."

Analoza pamwamba pa malo osonkhapo moto. Rowland anayandikira. Pathabwapo panali malo ozungulira, akuda kuposa kwina, kukula kwake chimodzimodzi ndi a kwa achemwali ake.

Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Malowo sanachoke.

"Munachiona ndi maso anu chili pano?"

"Chaka ndi chaka. Amayi ankachipukuta mpaka kudziona nkhope, n'kudzazamo malalanje ndi mtedza. Ndili mwana ndinkaletsedwa kuchigwira."

"Munakulira m'nyumba muno?"

"Ku London, kwa bambo. Makolo anga anasiyana. Koma sindinaphonyepo kubwera, a Pybus, ngakhale chaka chimodzi. Musandiyang'ane ngati mwana wotaya mayi ake."

Rowland, amene sanabwere ngakhale pamaliro a mayi ake omubereka, anasintha nkhani.

"Amayi anu ndi achemwali anga ankagwirizana?"

"Kugwirizana! Akakumana kumsika, mmodzi ankawoloka msewu. Dzina la achemwali anu silinkatchulidwa m'nyumba muno. Ndinafunsapo chifukwa, anandiyankha kuti ndidye malalanje."

"Nanga chitseko anathyola?"

"Ayi. Ndi chimene chikundiwawa. Anatenga kiyi pansi pa mphika wa maluwa kukhomo lakuseri. Anadziwa bwanji? Ineyo sindinkadziwa kuti pali kiyi."

Potuluka, mutu wa mayi wina unatulukira pamwamba pa mpanda ngati wa nkhuku yomva chimanga. Anali Hetty Cowling, woyandikana nawo, yemwe anaona zonse n'kuimbira apolisi.

"Inu ndi achimwene a gogo uja? Mwafanana mphuno, pepani. Ine si wamiseche ayi, ndasamukira kuno chaka chatha chomwechi, sindidziwa munthu, ndimangopukuta zenera. Ndiye ndikuona gogo atavala chipewa cha kutchalitchi, watenga kiyi, wapukuta mapazi pakhomo. Kupukuta mapazi, bambo! Wakuba wanji wopukuta mapazi? Watuluka, wakhoma, wabwezera kiyi, kenaka waima n'kuweramitsa mutu kuyang'ana chitseko ngati pali munthu. Thupi langa linachita tsembwe."

"Analowera kuti?"

"Anakwera basi ya kumtunda. Ndinawauza apolisi. Anakafufuza kumanda, poti basi imeneyo imadutsa kumanda, ati mwina anakachiika pamtumbira. Anangopezako maluwa ofota. Ine ndiye ndikuti gogoyo zinthu sizili bwino apa." Anagogoda pachipumi ndi chala. "Koma si ine dokotala."

* * *

Anatsikira kugombe kuti mphepo imuombe. Hotela yaikulu ija, kumene osewera ankavina usiku wa Loweruka atavala zoyera, inali itasanduka nyumba za lendi, zovala zamkati zili balalabalala pamakonde. Siteshoni ya sitima inali malo ogulitsira matayala. Tauni yonse inkaoneka ngati munthu amene wagulitsa mano ake agolide n'kumamwetulirabe.

Mbala kapena wamisala. Zikho ziwiri kapena chimodzi. Akazi awiri odana, wina n'kumadziwa pobisa kiyi pa mnzake. Akagwira uku, uko kunkapulumuka.

"Pybus! Rowland Pybus! Amayi ine, akufa akuuka!"

Anali Denzil Harker, mnzake wa kusukulu, wobwereketsa mipando ya pagombe, khungu lake lofiira ngati nyama yowamba. Mipando yakeyo ankaisunga m'shedi ya a Enid.

"Tinkayesa zimbalangondo zinakudya, aise. Wabwerera nkhani ya chikho? Zamkutu zimene zija. Chikho n'cha Enid. Ndingalumbire pa manda a amayi anga, ndi a apongozi omwe, ngakhale amenewo sindiwadalira."

"Unachiona kwa iwo?"

"Kuchiona? M'mawa uliwonse ndikamakatenga mipando ndimamwa tiyi m'nyumba muja. Chimakhala pashelefu, muli maluwa a m'munda mwake. Zaka makumi atatu, aise. Tsiku lina ndinaponyamo chotsalira cha ndudu, anandithamangitsa ndi tsache mpaka pamsewu."

"Clive Garbutt akulumbira kuti chakhala kwa mayi ake moyo wake wonse."

"Ameneyo ndi wa ku London. Kumeneko amanama ngakhale popereka moni."

"Nayenso ali ndi chizindikiro pathabwa, Denzil. Ndachiona. Chofanana ndendende."

"Ndiye zilipo ziwiri."

"Chikho cha akazi chinali chimodzi. Ndinkachinyamula ine popita nacho kubwalo."

"Ndiye mmodzi wa ife wapenga. Ine ayi, ndangobwera kumene, mutu wanga ndi wopumula."

"Wabwera kuchokera kuti?"

"Ku Spain, kumene ndimapita chaka chilichonse. Ukuganiza kuti munthu angabwereke mpando pagombe lino mu Disembala? Ndimatseka kumapeto kwa Seputembala, ndimabwera masiku ano a Meyi. Mafupa anga sagwirizana ndi chisanu."

Rowland anaima chilili. Mbalame za m'nyanja zinkalira pamwamba pake.

"Sunakhalepo kuno pa Khirisimasi?"

"Mulungu andikhululukire, ayi."

Malalanje ndi mtedza. Zimenezo n'za pa Khirisimasi. Clive sanaphonyepo kubwera, koma ankabwera nyengo imodzi yokha. Maluwa a m'munda n'a nyengo ya dzuwa. Mboni ziwiri zonena zoona, aliyense ataona theka la chaka. Chikho chinali chimodzi, ndipo chinkayenda.

Koma chinkayenderanji? Ndipo tsopano chinali kuti? Mawu a achemwali ake anamubwerera, ndipo nthawi ino anawamva ndi makutu a mnyamata amene anakulira pabwalo lija. Lamulo loyamba limene ankakuphunzitsa usanagwire n'komwe chomenyera mpira linali lakuti wosewera sadandaula kwa owonerera. Ukakhala ndi nkhani, umapita nayo kwa munthu mmodzi yekha, wokhala pampando wautali uja.

"Denzil, anaimbira masewero omaliza a amayi chaka chija ndani?"

"Ndaninso? Mdala Cuthbert Raine. Analipo wina?"

"Anamwalira liti?"

"Kumwalira? Imfa ikumuopa ameneyo, angailamule kuti ibwereze. Ali ku Larch, kumtunda uko. Ukakwera basi ya kumanda, usatsike, upitirire pang'ono."

* * *

Ku Larch kunkanunkha kabichi ndi mankhwala opukutira pansi. M'chipinda chachikulu nkhalamba zinali ndandanda m'mipando, zitayang'ana wailesi yakanema imene inkakuwa yokha. Rowland anayesa kuika achemwali ake pampando umodzi wa imeneyo, opanda sizasi, opanda kapinga. Anafulumira kudutsa.

A Cuthbert Raine anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Anakhala tsonga pampando wa matayala, atavala jekete la kalabu ndi tayi, ngati akudikira kujambulidwa. Pamwamba pa kabati, pakati pa botolo la mankhwala ndi chipewa, panali chikho chasiliva cha zogwirira ziwiri.

"Pybus wamng'ono," anatero mokweza, monga amachitira ogontha. "Wotola mipira waulesi kuposa onse amene ndinawaona. Wachedwa."

"Bwana Raine, apolisi akuchifuna chikho chimenecho."

"Sanandifunse. Anthu safunsa nkhalamba, amangoifunsa ngati yapita kuchimbudzi. Khala pansi."

Anakhala pabedi.

"Mpikisano uja anauyambitsa agogo a agogo ako," anatero a Raine, "pamene amayi ankasewera atavala madiresi ofika m'mapazi. Unapulumuka nkhondo ziwiri. Pankhondo yachiwiri mabwalo anawalima mbatata, itatha tinadzalanso kapinga ndi manja athu. Chimene chinaupha si mabomba ayi. Osewera anayamba kulipidwa, onse odziwa anathamangira kumizinda yaikulu. Sitima inaleka kubwera. Kapinga amafuna munthu womugwadira tsiku ndi tsiku, ndipo anthu anatopa kugwada. Koma ife sitinkadziwa kuti chaka chimenecho n'chomaliza. Palibe amene amadziwa."

"Chinachitika n'chiyani pa masewero a amayi?"

"Lamulo la chikho ukulikumbuka? Wopambana zaka zitatu zotsatizana amachitenga chamuyaya. Winifred Garbutt anali atapambana kawiri. Kachitatu anakumana ndi mlongo wako. Aliyense anatenga chigawo chimodzi. M'chigawo chomaliza Winifred anali patsogolo, zisanu kwa zitatu, mpira uli m'manja mwake. Ndiye kumwamba kunang'ambika."

"Mvula."

"Winifred anati timalize, kwatsala pang'ono. Enid anati kapinga waterera, wina athyoka mwendo. Onse ankanena zoona. Ndinaimitsa. Inagwa mpaka Lachitatu, alendo onse anapita. Ndiye ndinalamula, nditaima pansi pa ambulera, kuti masewero adzapitirira pomwe alekera tsiku loyamba la mpikisano wotsatira. Podikira, chikho azisunga mosinthana. Enid kuyambira tsiku loyamba la Meyi, Winifred kuyambira tsiku loyamba la Novembala."

"Ndipo mpikisano wotsatira sunachitike."

"Si vuto langa limenelo. Ine ndinalamula, iwo anamvera."

"Zaka zonsezi? Osalankhulana?"

"Osewera salankhulana masewero ali mkati, Pybus. Unaiwala zonse? Aliyense ankasiya kiyi, n'kuchokapo tsiku limenelo kuti asakumane. Winifred ankati Enid anathawira mumvula. Enid ankati akanabweza. Walira mvula walira matope, onse awiri akhala m'matope mpaka imvi."

Rowland sanadziwe ngati aseke kapena alire. Nkhaniyo inali yomveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, komabe inali misala yeniyeni. Ailongosola bwanji kwa dokotala?

"Nanga chabwera bwanji kuno?"

"Enid anachitenga pa tsiku lake, monga mwa lamulo. Kenaka anabwera nacho. Anati, 'Bwana oyimbira, mnzanga wamwalira masewero ali pakati. Mu Novembala ndilibe womupatsa. Lamulani.' Ndinati sindilamula ndili m'chipinda chogona. Ndidzalamula pabwalo, Lachisanu, ola lachiwiri masana. Ndidzaitana osewera. Wosabwera ataitanidwa katatu wagonja."

"Bwana Raine, pabwalo paja pano n'poimika galimoto za supamaketi."

"Ndamva. Bwalo loyamba lili pamene amasiya ngolo zogulira zinthu. Ndinatuma namwino kukayeza kuchokera pamtengo wa mkungudza uja."

"Ndipo Lachisanu masana ndi pamene dokotala akubwera kudzawayeza mutu."

"Abwere. Koma akhale chete masewero ali mkati."

* * *

Rowland anaganiza zongowauza apolisi komwe chikho chili, nkhani ithe. Koma Clive akanati chinabedwabe, ndipo umboni wokha unali pakamwa pa nkhalamba ya ku Larch. Anaganiza zowatsekera achemwali ake m'nyumba mpaka dokotala apite. Anadziwa kuti akanatulukira pazenera. Pomaliza anaimba mafoni atatu, akudziwa kuti mwina akukumba yekha dzenje: kuitana dokotala kuti adzaone gogo atavala zoyera, atanyamula chomenyera mpira chathabwa, ataima pakati pa galimoto.

Lachisanu kunja kunachita mitambo. A Raine anafika pa galimoto ya ku Larch, chikho chili pamiyendo. Anawaimika pafupi ndi ngolo. Sajeni Stobbs anaima atapinda manja. Clive ankayang'ana wotchi. Dokotala, mnyamata wa maso otopa, ankayang'ana a Enid.

Iwo anabwera wapansi, siketi yoyera, nsapato zoyera, tsitsi atalimanga ndi kansalu. Sanapereke moni kwa aliyense. Anayenda mpaka pamalo ena pakati pa galimoto yofiira ndi chithaphwi cha mafuta, anasuntha pang'ono kumanzere, n'kuima. Mayi wina wokankha ngolo anawazungulira akung'ung'udza.

"Zimenezi ndiye chiyani?" anafunsa Clive. "A Pybus, mwandiitanira zisudzo?"

"Chete!" anakuwa a Raine. Kenaka, ndi mawu amene Rowland anawamva komaliza ali ndi tsitsi lakuda, analengeza: "Mpikisano wa Chigwa cha Alder, masewero omaliza a amayi, akupitirira. Chigawo chachitatu, Mayi Garbutt zisanu, Mayi Pybus zitatu. Mayi Garbutt anapambana zaka ziwiri zapitazo. Chikho chili m'manja mwa oyimbira kufikira masewero atatha."

Clive anatembenuka. "Zaka ziwiri? Amayi anapambana katatu."

"Bwera uwerenge, mnyamata."

Anapita, anawerama. Pamzere womaliza wa maina ozokotedwa pachikhocho panali chaka chokha, kutsogolo kwake siliva wosalembedwa. Anayendetsa chala pamenepo nthawi yaitali. Rowland anamunong'oneza za Meyi ndi Novembala, za kiyi, za malalanje. Sajeni Stobbs, amene ankamvetsera, anatsitsa manja.

"Mayi Pybus?"

"Ndilipo."

"Mayi Garbutt?"

Kunangomveka ngolo zikugundana.

"Mayi Garbutt, kachiwiri."

Dokotala anasendera kwa Rowland. "Akudziwa kuti mnzawoyo anamwalira?"

"Sindikudziwanso amene akudziwa chiyani, adokotala."

A Raine anakoka mpweya kuti aitane kachitatu.

"Bwana oyimbira," anatero a Enid. "Funso la malamulo."

"Funsani."

"Musanaitane kachitatu, mnzangayo sanachedwe. Adakali m'masewero. Si choncho?"

A Raine anaganiza, nsidze zitakumana. "N'choncho."

"Ndiye ndikhoza kugonja kwa iye."

"Achemwali!" Rowland anaiwala lamulo la chete. "Mungodikira pang'ono, chikho chikhala chanu!"

"Wowonerera uyo atulutsidwe," anatero a Enid osamuyang'ana. Kenaka anatembenukira kwa dokotala. "Inu, mwana wanga, mwabwera kudzaona ngati ndikudziwa tsiku ndi mwezi. Lero ndi Lachisanu. Winifred anamwalira mu Epulo, ndinaima kunja kwa tchalitchi, sindinalowe poti masewero anali asanathe. Anali patsogolo. Mvula ndinaipempha ndine. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti ndikanamupeza, ndipo mwina ndikanamupezadi. Koma kupambana munthu chifukwa ali m'bokosi, ayi. Zimenezo ndiye kuba. Bwana oyimbira, ndagonja."

A Raine analengeza ndi mawu owongoka. "Mayi Pybus agonja. Masewero apita kwa Mayi Garbutt. Kachitatu motsatizana. Chikho n'chawo chamuyaya." Anachikweza ndi manja awiri. "Alandire wa kubanja."

Clive anachilandira ngati chotentha.

"Ndiye kuti," anatero Sajeni Stobbs pang'onopang'ono, "tsiku limene anachitenga sichinali cha a Garbutt. Chakhala chawo pompano. A Garbutt, mlandu ulipobe?"

Clive anapukusa mutu, maso ali pachikho.

"Adokotala?"

"Ine ndayeza anthu ambiri oiwala zimene anataya," anatero dokotala. "Awa akudziwa bwino lomwe chimene ataya. Apite kwawo."

Rowland anapita kuti akawagwire mkono achemwali ake. Koma a Enid anali atayamba kale kuyenda, osati kulowera kunyumba, koma kutsogolo, molunjika, mpaka pamene pankakhala ukonde. Anaima pamenepo, anasamutsira chomenyera mpira kumanzere, n'kutambasula dzanja lamanja pamwamba pa ukonde umene panalibe.

Dzanjalo linakhala m'malere. Palibe anasuntha.

"Mnyamata," anatero a Raine motsitsa mawu, koyamba tsiku limenelo. "Masewero satha osewera asanagwirane chanza. Usawaimike choncho."

Clive anayang'ana uku ndi uku, anasowa poika chikho, anachiika m'ngolo ya supamaketi. Anayenda mpaka mbali inayo, anapukuta dzanja pasuti, n'kugwira la gogoyo.

"Mwasewera bwino, Mayi Garbutt," anatero a Enid, akuyang'ana penapake kuseri kwa phewa lake.

Clive anayamba kugwetsa misozi. A Enid sanamusiye dzanja msanga.

"Usalire pabwalo, iwe," anatero. "Mayi ako sankalira. Ankangoba mizere: mpira wanga ukalowa, iye ati watuluka."